Kukonza nokha nyumba yakale kuno ku Zomba: mafunso ndi mayankho

Anthu amene agula, alandira ya makolo kapena akuchita lendi nyumba zakale zija za mmbali mwa phiri amandifunsa mafunso omweomwewo, ena pa WhatsApp ena tikakumana ku hadiweya, ndiye ndati bola ndingowaika pamodzi aliyense aziwerenga pa nthawi yake. Ineyo ndimakhala mnyumba yotereyi ndipo zambiri ndimakonza ndekha, koma pamene pakufunika katswiri ndikuuzani mosabisa kuti apa musagwirepo.

Mukamati nyumba yakale mukunena iti?

Zomba linali likulu la dziko kuchokera nthawi ya atsamunda mpaka 1975 pamene likulu linapita ku Lilongwe, ndipo aphungu anapitirizabe kumakumana kuno mpaka 1994. Ndiye akuluakulu a boma, asilikali, amishoni ndi amalonda anasiya nyumba zambiri. Yodziwika kwambiri ndi Residency, nyumba ya nthumwi ya boma la Britain, ya 1886 imene pano ndi Hotel Masongola. Zathuzi sizifika pamenepo koma kamangidwe nkofanana, khoma lonenepa la njerwa zootcha, siling'i ya mmwamba kwambiri, khonde lalikulu, chumuni, timabowo tolowetsa mpweya mkhoma ndi denga lotsetsereka la malata ochindikala. Muziona ku Mulunguzi, ku Old Naisi ndi mmisewu yokwera kuphiri.

Mukafuna kudziwa mtundu wa khoma lanu tengani msomali mukande pakati pa njerwa pamalo pamene pulasitala wagwa. Zikamayoyoka ngati dothi lofiira ndiye anamangira matope, zikakhala zoyera zofewa ndi laimu, msomali ukamangoterereka osalowa ameneyo ndi simenti. Nyumba za boma ndi za Malawi Housing za mma 1960 ndi 1970 zambiri ndi za simenti, ndiye zina zimene ndikambe za laimu sizikukhudzani kwenikweni, koma za denga, chiswe ndi magetsi ndi zanu zomwe.

Ndalama ndi zochepa, ndiyambire pati?

Madzi. Osati penti, osati matailosi, osati khitchini yatsopano yomwe mwaiona pa Facebook. Zomba kumagwa mvula yambiri, kuphatikiza apo madzi otsika kuphiri amadutsa mmapuloti mwathumu, ndipo pafupifupi vuto lililonse la nyumba yakale mukalitsata bwinobwino mupeza kuti linayamba ndi madzi. Khoma lofufuma, matabwa oola, chiswe, fungo la chuku mzovala, ming'alu, zonsezo.

Chimene ndimauza aliyense ndi ichi, mvula yamphamvu ikamagwa musakhale mnyumba, tengani ambulera muzungulire nyumba yonse mukuona. Gatala akusefukira pati? Paipi yotsitsa madzi ikukhuthulira pati, patali kapena pa maziko penipeni? Madzi akudikha mbali iti? Ngalande yakuseri ija imene anakumba eni ake oyamba ikadalipo kapena inakwiririka ndi masamba ndi dothi? Nyumba zambiri zakale zinali ndi ngalande yomangidwa ndi njerwa kapena miyala kuzungulira, mukafukula ndi khasu mumaipeza ili bwinobwino pansi pa udzu, imangofuna kuyeretsa basi. Kenako lowani mkati ndi tochi mukwere mu siling'i mvula ikadagwa, muone pamene pakudontha ndipo mulembepo ndi choko chifukwa kukacha simudzapaonanso.

Amene tinaona namondwe Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa mmene dothi la kuno limakhalira likakhuta madzi masiku angapo. Nyumba imene madzi ali ndi njira yochokera pamaziko imapirira, imene madzi amagona pakhoma ndi imene imayamba kung'aluka. Ndiye ndondomeko yake denga ndi magatala kaye, ngalande, kenako chiswe ndi matabwa, magetsi ndi mapaipi, khoma, penti kumapeto kwenikweni.

Malata achita dzimbiri, ndichotse onse?

Musathamange. Malata akalewo nthawi zambiri ndi ochindikala kuposa ambiri amene akugulitsidwa pano, ndipo dzimbiri la pamwamba si kuthera kwa lata ayi. Kwerani tsiku louma mmawa dzuwa lisanawotche, muziponda pa mzere wa misomali chifukwa pansi pake mpamene pali thabwa, pakati mukaponda mupinda lata kapena kugwera mkati. Ngati lata silinabooke, likwecheni ndi bulashi ya waya, tsukani, liume, pakani red oxide, penti wofiira woteteza ku dzimbiri, kenako penti wa padenga kawiri. Amene abooka kapena adyeka mmphepete okhawo ndi amene musinthe.

Malo amene amadontha kawirikawiri si pakati pa lata, ndi pa misomali imene yakhwefuka, pa chigwa pamene madenga awiri akumana, ndi kuzungulira chumuni. Misomali yokhwefuka izuleni muikepo masikuluwu okhala ndi kalabala, ndipo muzikhoma pa msana wa lata osati mu kangalande kake mmene mumayenda madzi. Pogula atsopano kumbukirani kuti nambala ya geji, muyezo wa kuchindikala kwa lata, ikamakula lata limapyapyala, 28 ndi lochindikala kuposa 30 kapena 32, ndiye musanamizidwe kuti nambala yaikulu ndi yabwino. Padenga musakwere nokha popanda munthu pansi wogwira makwerero, ndipo ngati denga ndi lotsetsereka kwambiri ngati mmene zilili zambiri zakale, mangani chingwe mchiuno kapena ingolembani mmisiri.

Khoma langa limanyowa mmunsi, penti akusupuka ndipo pakutuluka ufa woyera. Ndipake simenti wolimba eti?

Apa mpamene nyumba zambiri zakale za mu Zomba zikuonongekera ndipo zimandiwawa ndikamaziona. Ufa woyerawo ndi mchere umene madzi amakoka kuchokera mnthaka, amakwera nawo mu njerwa, madziwo akauma mcherewo umatsala pamwamba. Nyumba zakale zambiri zilibe pepala lotchinga chinyezi pamaziko limene amaika masiku ano. Omangawo ankadziwa kuti khoma lizinyowa pang'ono dzinja, nde anamanga ndi zinthu zofewa, dothi, laimu ndi njereza, zimene zimalola chinyezicho kutuluka kukatentha. Khomalo limapuma.

Ndiye inu mukabwera ndi pulasitala wa simenti wolimba nkupakanso penti wa oilo pamwamba, mwalitseka. Zili ngati nsima yotentha mukaimangira mu jumbo, thukuta lonse limakhala momwemo. Chinyezi chija sichichoka, chimangokwera mmwamba kufuna potulukira, ndiye chaka chamawa mupeza mzere wonyowa uli pamwamba pa pamene munalekezera simenti, ndipo kuseri kwa simentiyo njerwa zikufewa nkumanyenyeka. Gogodani ndi chala pa pulasitala wotereyu mumva akulira ngati mkati mulibe kanthu, mukamenya ndi hamala amagwa chigamba chonse njerwa yake itanyowa yofiira bii.

Chochita nchoyamba panja. Onani ngati dothi, maluwa kapena konkire ya pakhonde yakwera mpaka kufanana ndi pansi pa mnyumba. Zaka zikamapita anthu amathira dothi, kudzala maluwa mphepete mwa khoma nkumathirira tsiku lililonse, ameneyo ndi mdani wamkulu. Chotsani dothilo litsike masentimita 15 kapena kuposa pansi pa mulingo wa mnyumba, ngati mizere iwiri ya njerwa, ndipo litsetserekere kunja. Maluwa asunthireni patali. Timabowo ta mpweya tija ngati wina anatitseka titseguleni, ngati mukuopa udzudzu ndi makoswe ikanipo kawaya ka sefa. Mkati gwetsani pulasitala yense wofufuma, mupitirire pang'ono pamwamba pa pamene pakuoneka ponyowa, mcherewo muusese ndi bulashi youma osatsuka ndi madzi chifukwa umangobwerera mkhoma, ndiye lisiyeni khomalo lili lamaliseche choncho miyezi ingapo ya chilimwe mawindo ali otsegula. Ndikudziwa siziwoneka bwino alendo akabwera koma khoma lonenepa siliuma sabata imodzi. Likauma mpamene mupake pulasitala wa laimu.

Laimu wake uti ndipo amasakaniza bwanji?

Samalani pogula, pali laimu wa kumunda wothira mnthaka ndi laimu womangira. Wa kumunda ndi mwala wongopera, sagwira khoma olo pang'ono. Mufunse womangira, amapezeka mma hadiweya ndipo wambiri wa mdziko muno amachokera cha ku Balaka ndi ku Lirangwe. Muthireni mu diramu ya madzi, vundulani, vindikirani akhale masiku angapo mpaka akhale phala losalala. Akakhalitsa mmadzimo amakoma kugwiritsa ntchito, saonongeka bola pamwamba pazikhala madzi.

Muyezo wake laimu mbali imodzi mchenga mbali zitatu, mchenga wosefa wopanda matope. Amisiri ambiri a masiku ano akana, azikuuzani kuti bwana izi sizigwira, chifukwa anazolowera simenti amene amauma tsiku lomwelo. Ngati akukanitsitsa gwirizanani pa simenti 1, laimu 2, mchenga 9, uwu ndi muyezo wodziwika ndipo ndi wofewa kusiyana ndi wa simenti yekha. Nyowetsani khoma musanapake, pakani mopyapyala kawiri osati kamodzi mochindikala, ndipo masiku otsatira muziwaza madzi pang'ono kapena kutchinga ndi masaka onyowa kuti asaume mwachangu nkuchita timing'alu.

Pamwamba pake njereza. Ikhale yamadzimadzi, popaka imaoneka ngati simunapake kanthu koma ikauma imayera, bwerezani katatu kanayi tsiku lina lililonse. Amene amapaka yolimba kamodzi ndi amene amadandaula kuti njereza imadetsa zovala. Ngati njereza simukuifuna pakani PVA wamba, penti wosungunula ndi madzi, koma penti wa oilo pakhoma lakale ayi. Laimu amawotcha khungu ndipo mmaso ndi woopsa, valani magolovesi ndi magalasi, akakugwerani mmaso tsukani ndi madzi ambiri nthawi yaitali kenako mupite kuchipatala.

Ming'alu ndi yoopsa?

Si yonse. Timing'alu tating'ono ngati tsitsi tili mu pulasitala mokha, timeneto ingotsekani. Umene uyenera kukudetsani nkhawa ndi wotsata njerwa ngati masitepe, wotambalala kumwamba kuposa kumunsi, woonekera mkati ndi kunja komwe, kapena ngati chitseko chimene chinkatseka bwino chayamba kukana. Lembani ndi pensulo pamene mng'alu walekezera, yezani kukula kwake mulembe tsiku pakhoma pomwepo, muziona mwezi ndi mwezi mpaka dzinja lidutse. Ngati sukusuntha ndi wakale, tsekani ndi laimu. Ngati ukukula kapena wapitirira mamilimita 5 itanani injiniya, osati bilidala wongodutsa. Muonenso mitengo, bulugamu ndi jakaranda zikakhala pafupi kwambiri mizu yake imasokoneza maziko ndi mapaipi a kuchimbudzi.

Ndipo chonde musagwetse khoma la mkati kuti sitingirumu ikule musanafunse katswiri. Mnyumba zakale makoma ena a mkati ndi amene anyamula denga.

Chiswe ndithane nacho bwanji? Ndamva zoti oilo wakuda wa galimoto amathandiza.

Choyamba dziwani pamene chili. Tengani sikuludiraiva muzigogoda mafelemu a zitseko, matabwa a mmunsi mwa khoma ndi mitanda ya mu denga. Thabwa labwino limalira molimba, lodyedwa limalira phwaphwa ndipo mukabaya sikuludiraiva imangolowa, penti yekha ndi amene watsala pamwamba mkati muli dothi. Yang'anani tinjira ta dothi tokwera khoma, makamaka kuseri kwa makabati, mmakona a sitolo ndi pamene paipi yalowera mnyumba.

Chiswe chimachokera pansi ndipo chimakonda ponyowa, ndiye tabwereranso ku nkhani ya madzi ija. Chotsani zitsa, nkhuni ndi matabwa osanjikidwa pakhoma. Thabwa lililonse lisagunde dothi. Ngati pali chulu pafupi chifukuleni. Matabwa a mu denga apakeni mankhwala a matabwa ngati Solignum, ndipo thabwa latsopano lililonse mulipake musanakhome, makamaka kumapeto kumene mwacheka. Oilo wakuda anthu amapaka inde chifukwa ndi wotchipa, pa mitengo ya mpanda panja ndingamvetse, koma mu denga la nyumba yogona anthu ine ndimakana, amanunkha kukatentha, amadontha nkudetsa siling'i ndipo moto ukabuka mwauthandiza. Mankhwala othira mnthaka kuzungulira maziko ndi poizoni weniweni, ngati chiswe chalowa nyumba yonse itanani a ntchito imeneyo ndipo tsikulo ana, nkhuku ndi agalu akhale kutali, komanso asathire pafupi ndi chitsime kapena ngalande yopita kumtsinje.

Mu siling'i muli mileme ndipo mabodi ena agwa

Mileme imalowa pa timipata ta pakati pa khoma ndi malata. Khalani panja madzulo dzuwa likamalowa muone pamene ikutulukira, tsekani mabowo ena onse masana kusiya limenelo, ndiye ikatuluka usiku mutseke lomalizalo ndi waya wa sefa. Ngati muli ana ake osauluka dikirani kaye, mukatseka afera momwemo ndipo fungo lake simulipirira. Musaigwire ndi manja chifukwa ina imatha kukhala ndi chiwewe. Ndowe zake ziwazeni madzi musanasese ndipo muvale masiki, fumbi lake limadwalitsa chifuwa. Mu siling'i muziponda pa matabwa okha.

Koma musanaswe bodi lililonse werengani funso lotsatirali.

Asibesitosi ndimudziwa bwanji?

Nyumba zambiri zomangidwa kapena kukonzedwa pakati pa zaka za mma 1900 zili naye, mmalata otuwa ooneka ngati simenti, mmabodi ena a siling'i, mmagatala, mapaipi ndi matanki ena akale. Ndi maso okha simungatsimikize, ndiye chilichonse chotuwa, cholimba, chophweka kusweka ndipo pothyoka pake pakuoneka timaulusi, chitengeni ngati ndi iyeyo. Akakhala wathunthu osasweka alibe vuto lalikulu, musiyeni, mukhoza kumupaka penti ndi bulashi yofewa. Choopsa ndi fumbi lake, limalowa mmapapo ndipo matenda ake kuphatikizapo khansa amadzaoneka patapita zaka 20 kapena kuposa. Osacheka ndi girayinda, osaboola ndi dirilo, osakwecha ndi sandipepa kapena bulashi ya waya. Padenga la asibesitosi osapondapo, limathyoka mosachenjeza. Ngati pakufunika kuchotsa kabodi kamodzi kanyowetseni, kachotseni kathunthu, kakulungeni mu pulasitiki, ndipo kamasiki ka nsalu sikakwanira pa ntchito imeneyi. Denga lonse ndi ntchito ya akatswiri, ndipo funsani kukhonsolo kokataya. Zimandimvetsa chisoni ndikaona zidutswa zake ana akuseweretsa kapena wina wazitenga kukafolera khola.

Magetsi ndingakonze ndekha?

Kusintha babu inde. Zina zonse ayi. Mawaya akale ena anakutidwa ndi labala ndi nsalu, mukangowapinda chikutocho chimayoyoka waya nkukhala pamtunda, ndipo ali mu siling'i pakati pa matabwa ouma ndi zisa za makoswe. Anaikidwa nthawi imene mnyumba munali mababu ndi wailesi basi, pano mwalumikiza kuka, giza, firiji, ayironi ndi ketulo. Mukaona bokosi la mafyuzi a waya, soketi yakuda ngati yapsa, kapena mpopi ukukugwirani shoko posamba, zimitsani pa meni switchi muitane wa magetsi amene ali ndi laisensi ya MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo muione laisensiyo ndi maso anu. A ESCOM udindo wawo umathera pa mita, za mkati ndi zanu. Muuzeni wa magetsiyo ayeze waya wa eti (earth), wopititsa magetsi othawa mnthaka, ndipo aike bokosi la mabuleka lokhala ndi chozimitsa chokha magetsi akamathawira pansi. Fyuzi ikamapsa pafupipafupi kuikapo waya wonenepa si kukonza, nkuyatsa nyumba. Amene mukuika sola ndi inveta chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi, nayonso ailumikize ndi munthu wa laisensi.

Mawaya asinthidwe musanapake pulasitala ndi penti, kuopa kuswanso khoma lomwe mwangomaliza kumene.

Madzi akutuluka ochepa komanso ofiira, bilu nayo ikukwera

Mapaipi akale a chitsulo amachita dzimbiri mkati mpaka kabowo kamatsala kang'onong'ono. Kuti mudziwe ngati pena pakutaya, tsekani mipopi yonse, onetsetsani kuti thanki ya kuchimbudzi yadzaza, werengani mita, dikirani ola limodzi muwerengenso. Ikayenda ndiye pali pamene pakudontha, ndipo kuchokera pa mita kulowa kwanu si udindo wa a Southern Region Water Board, bilu ndi yanu. Kusintha wosha wa mpopi kapena zamkati mwa thanki ya chimbudzi mungathe nokha ndi sipanala. Paipi yonse ikatha ndi bwino kudutsitsa yatsopano ya pulasitiki kunja kwa khoma kusiyana nkuswa khoma lonenepalo kufunafuna yakale. Chimodzi chofunika, mnyumba zina zakale eti ya magetsi anaimangirira ku paipi yachitsuloyo, ndiye mukasintha kuika pulasitiki muuzeni wa magetsi uja aonenso.

Mawindo ndi zitseko zakale ndichotse ndiike aluminiyamu?

Ine ndinganene kuti ayi, ndipo apa ndimalimbikira. Matabwa amene ali mnyumba zimenezi, mbawa, mlombwa, pena mkungudza wa ku Mulanje, simudzawapezanso. Mkungudza pano ndi woletsedwa kudula chifukwa watsala pang'ono kutheratu mphiri muja, ndiye ngati mwapala chitseko nkumva kafungo kake konunkhira kaja dziwani kuti muli ndi chuma. Felemu ikaola nthawi zambiri imaola kumunsi kokha, kalipentala wabwino amadula poolapo nkulumikiza thabwa lina, ntchito ya tsiku limodzi. Mawindo achitsulo akwecheni dzimbiri, red oxide, pate watsopano wogwira galasi, dikirani pateyo alimbe musanapake penti. Mahinji, zogwirira ndi maloko a buraasi musataye, ziviikeni mu viniga kapena madzi a mandimu ziwala.

Pochotsa penti wakale samalani, penti wa oilo wa kale nthawi zambiri ankakhala ndi mtovu umene umaononga ubongo wa ana. Musamuwotche ndi moto ndipo musakwechere pouma, nyowetsani sandipepa, yalani pepala pansi mutole zonse, ana ndi amayi oyembekezera asakhale mchipindamo mpaka mutakolopa.

Mukamagula paini wa kuphiri kuno onetsetsani kuti ndi wouma. Wauwisi amalemera, amazizira mukamugwira, ndipo mukakhoma lero pakatha miyezi iwiri wapindika. Musanjikeni pamthunzi ndi timitengo pakati mpweya uzidutsa.

Pansi pofiira paja ndiikepo matailosi?

Kubafa ndi kukhitchini ikani ngati mukufuna. Koma sitingirumu ndi khonde, pansi pa simenti wofiira popakidwa Cobra ndi kukwecha ndi chikoropa mpaka kuwala, palibe tailosi imene imafika pamenepo kwa ine. Ming'alu yake imatsekeka ndi simenti wosakaniza ndi ufa wofiira wa oxide, mtundu sufanana ndendende poyamba koma polishi akamalowa zimayandikana. Kumbukiraninso kuti ngati pansipo pamatuluka chinyezi, matailosi amachitseka ndipo chimathawira mmakoma. Yesani kaye, matani pulasitiki pansi ndi tepi mbali zonse musiye masiku awiri, mukapeza kunsi kwake kuli madontho konzani za madzi kaye. Ngati pansi ndi pa matabwa, timabowo ta mpweya ta panja tokhala mmunsi mwa khoma ndi timene timawasunga kuti asaole, tisatsekedwe.

Chumuni chimagwirabe ntchito?

Juni ndi Julayi wa ku Zomba, chiperoni chikatsika, mudzachifuna. Musanayatse nkhuni suzumirani ndi tochi, nthawi zambiri mumakhala zisa za mbalame, njuchi kapena njerwa zogwa. Yatsani kanyuzipepala muone ngati utsi ukukwera, wina akhale mu siling'i aone ngati sukutulukira mmbali, ukatulukira mmenemo musayatse moto mpaka atamata. Ngati simuchigwiritsa ntchito musachitseke ndi simenti, ikani kachipewa pamwamba mvula isalowe koma mpweya uzidutsa. Mbaula ya makala mchipinda chotseka mawindo ayi ndithu, mpweya wake sununkha koma umapha anthu ali mtulo.

Ndikufunika chilolezo?

Kupenta, kusintha lata lobooka kapena kumata pulasitala sikufuna chilolezo. Kuwonjezera chipinda, kugwetsa khoma, kusintha maonekedwe a kutsogolo kapena kumanga mpanda wa njerwa, pitani kaye ku Zomba City Council ndi pulani. Nyumba zina zakale kwambiri zimatetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act, ngati mukuganiza kuti yanu ingakhale mgulu limenelo funsani ku Dipatimenti ya Museums and Monuments musanagwetse kalikonse. Ngati ndi ya lendi, ya boma kapena ya Malawi Housing, musakonze chachikulu popanda kalata. Mugwirizane ndi alandilodi polemba kuti ndalama mwaonongazo azidula pa lendi motani, sungani malisiti ndipo jambulani zithunzi musanayambe ndi mutamaliza, zapakamwa zimadzavuta tsiku lotuluka.

Nthawi yabwino yogwira ntchitozi ndi iti?

Kuona mavuto ndi dzinja, kukonza ndi chilimwe. Mvula ikasiya cha mu Epulo kapena Meyi gwetsani pulasitala wofufuma khoma liyambe kuuma. Juni ndi Julayi kuno kumachita nkhungu ndi kamvula kowaza, penti sauma bwino, imeneyo ndi nthawi ya mawaya, mapaipi ndi matabwa mkati. Ogasiti mpaka Okutobala denga, pulasitala ndi penti, kungoti laimu musapake dzuwa lili paliwombo mu Okutobala, pakani mmawa kapena mbali ya mthunzi. Magatala ndi ngalande ziyeretsedwe Novembala asanafike, ndipo mubwerezenso pakati pa dzinja chifukwa mitengo ya kuno imagwetsa masamba osaleka.

Nanga amisiri ndiwapeza bwanji, ndipo ndiziwalipira motani?

Funani achikulire amene anagwirapo nyumba za mishoni kapena za boma, amenewo laimu amamudziwa ndipo sathamangira kugwetsa. Mufunseni kuti bambo, khoma ili mungalitani, ndiye mumvetsere. Akangoti tigwetse zonse tiike simenti asanaone nkomwe panja pamene madzi akuchokera, muthokozeni mufune wina. Pitani mukaone ntchito imene anagwira zaka ziwiri zitatu zapitazo, osati ya sabata yatha imene penti akadali kuwala.

Zipangizo gulani nokha, mitengo ikusintha pafupipafupi ndiye funsani mashopu angapo mtauni muno, katundu akakhala wambiri yerekezaninso ndi ku Limbe mutawerengera thiransipoti. Simenti musagule wambiri nthawi imodzi, chinyezi cha kuno chimamuumitsa mthumba momwemo, ndipo muzimuika pa matabwa osati pansi. Malipiro agaweni mmagawo, gawo likatha mwaliona ndi maso mpamene mulipire, ndipo kandalama komaliza ka denga mugwirizane kuti mudzapereka mvula yoyamba ikagwa. Njerwa zakale, matabwa, malata ndi maloko zimene zachotsedwa muuzeni poyamba pomwe kuti ndi zanu ndipo zisungidwe, njerwa zakale kukula kwake kumasiyana ndi za pano ndiye podzagamba khoma mudzazifuna zomwezo. Pamwamba pa bajeti yanu sungani kena kapadera, chifukwa mukangotsegula siling'i kapena kugwetsa pulasitala mumapezamo china chimene simunachiwerengere, ndipo chipinda chimodzi chithe kaye musanayambe china kuti pakhale pogona.